Njanji za thireyi ya jenereta si za kabati ya kukhitchini

Mwezi wathawu dalaivala wina anaimika galimoto yogonamo pa galaja yanga kuno ku Salima, ya mtundu uja wokhala ndi bedi, khitchini ndi jenereta yakeyake, womwe alendo amakonda kupita nawo ku Senga Bay. Thireyi ya jenereta, yomwe jenereta imakhalapo ndipo imatuluka n'kulowa ngati dirowa poyenda pa njanji ziwiri, inali itamangidwa ndi lamba wa katundu kuti isatuluke panjira. Iye anatulutsa kabokosi n'kunena kuti, "Amisiri, njanji zatsopano ndagula kale ku Lilongwe, inu mungondimangirira ndizipita." Nditatsegula ndinapeza njanji za madirowa a kabati, zija za mamilimita 45 m'lifupi, zomwe pabokosi pomwepo analemba kuti zimanyamula makilogalamu 45. Jenereta yake ndi ya dizilo, yotsekeredwa m'bokosi lochepetsa phokoso, ndipo amuna anayi amainyamula movutikira. Ndinakana ntchitoyo ndipo iye anakhumudwa. Cholakwika chomwechi ndachiona pa galimoto za zipatala zoyendayenda, za mipingo, ndi za anthu obwereketsa zokuzira mawu pa maukwati, ndipo ndatopa kufotokozera munthu mmodzimmodzi mawu omwewomwewo.

Ngakhale amene agula njanji zolimba, zomwe ambiri amangoti masilaidi, amanamizidwa ndi nambala ya pabokosi. Nambalayo ndi ya njanji ziwiri pamodzi, osati imodzi. Mabokosi ambiri amalemba 500 m'zilembo zikuluzikulu, wogula n'kuganiza kuti ndi makilogalamu, pamene ndi mapaundi, ndipo mapaundi 500 ndi makilogalamu 227 basi. Kuwonjezera apo, opanga amayesa kulemerako pa njanji zazifupi, za mamilimita pafupifupi 450, zomangidwa pa chinthu chosayenda. Njanji ikamatalika mphamvu yake imachepa, chifukwa katundu amakhala atalendewera kutali ndi pomwe yagwirira, monga momwe ndowa ya madzi imalemerera mukainyamula mkono mutautambasula. Ikalowa m'galimoto imachepanso mphamvu kachiwiri, moti pali njanji za mamilimita 76 m'lifupi zolembedwa makilogalamu 227 zomwe opanga ake enieniwo amati zikakhala m'galimoto zisapitirire makilogalamu 136. Zimenezi zimalembedwa m'timalemba tating'ono pa pepala la wopanga, ndipo wogulitsa m'sitolo kawirikawiri sanaliwerengepo.

Ndiye musanagule chilichonse, yezani katundu wanu pasikelo. Ine ndimabwereka sikelo ya ogula mpunga ndi chimanga, ndipo ndimayeza jenereta ili ndi mafuta odzaza, oilo, batire ndi thireyi yomwe. Lita imodzi ya dizilo imalemera pafupifupi makilogalamu 0.84, ya petulo pafupifupi 0.74, choncho thanki ya malita 15 si kanthu konyozeka. Kajenereta ka Honda konyamula m'manja, ka makilogalamu 21, sikangafanane ndi jenereta ya dizilo ya mphamvu ya 5 kVA yotsekeredwa, yomwe imapitirira makilogalamu 150 isanathiridwe kalikonse. Zonse zikaphatikizidwa, ine ndimafuna njanji zolembedwa kuwirikiza kawiri kulemera kumeneko, ndipo pa misewu yathu ino sindiona kuti ndikuwonjeza.

Pali chinthu chinanso chimene chimandiwawa mtima ndikachiona, ndicho kugoneka njanji chafufumimba pansi pa thireyi pofuna kusunga malo m'mbali. Njanjizi anazipanga kuti ziziima chammbali, ngati thabwa loimika m'mphepete mwake. Mukazigoneka zimatsala ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mphamvu yake, ndipo zimapindika pa ulendo woyamba womwe.

Njanji sizifa tsiku limodzi. M'kati mwake muli timipira tachitsulo toyenda m'ngalande, ndipo galimoto ikamagunda maenje pa msewu wa M5 wopita ku Nkhotakota, kapena ikamanjenjemera pa misewu yafumbi yotsikira kunyanja, timipirato timakhoma malo amodzimodzi mpaka kusiya timaenje m'ngalandemo. Jenereta ikamalira imachitanso chimodzimodzi. Mchenga wa kugombe umalowa m'girizi n'kumapala chitsulo, chinyezi cha kunyanja chimabweretsa dzimbiri, ndipo madzi a m'nyengo ya mvula amathovukira momwemo popeza chipinda cha jenereta chimakhala m'munsi, pafupi ndi matayala. Thireyi ikayamba kuyenda modumphadumpha, ikamawerama kutsogolo mukaitulutsa, kapena ikamafuna kuti muikweze pang'ono kuti ilowe, njanjizo zatha. Mukapeza kampira ngakhale kamodzi pansi pa chipindacho, musaitulutsenso thireyiyo popanda choichirikiza.

Zaka zitatu zapitazo, m'mwezi wa Okutobala, kunabwera bambo wina wa ku Nkhotakota amene amabwereketsa zokuzira mawu. Anagula galimoto yogonamo yakale, n'kuchotsamo bedi kuti azinyamuliramo masipika, koma jenereta anaisiya m'malo mwake. Anadandaula kuti thireyi ikulimba potuluka. Nditasuzumira ndi tochi ndinaona timipira titatu tili m'fumbi pakona, kamodzi kataphwatalala mbali imodzi ngati njere ya nyemba, ndipo njanji ya kumanzere inali itayasama kumapeto moti chala changa chinalowamo. Ndinawauza kuti njanji zonse ziwiri zichotsedwe, ndipo kuti zoyenera ndiziitanitsa, zifika pakatha sabata ziwiri. Anandiyankha kuti, "Achimwene, ino ndi nyengo ya maukwati, Loweruka lililonse ndili ndi ntchito. Ndidzabwera mvula ikayamba." Ndinamanga thireyiyo ndi waya, ndinawachenjeza kuti asaitsegule, n'kuwalola kupita.

Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu. Jenereta imafuna mafuta, ndipo pa galimoto imeneyo pothirira mafuta sipafikika thireyi isanatuluke, chinthu chimene ndinachiona koma sindinachiganizire mokwanira. Bamboyo anapita kwa wowotcherera wina wa pansi pa mtengo, amene anamenya njanjiyo ndi hamala kuti itsekeke, anaiwotcherera ku felemu, kenako poona kuti ikukanirabe anadula kachitsulo koimitsa ka kumapeto kuti iziyenda momasuka. Loweruka lotsatira, pa ukwati wina cha ku Benga, galimoto inaima pamalo otsetsereka pang'ono. Mnyamata wowathandiza ntchito anakoka thireyi kuti athire dizilo, thireyiyo inapitirira osaima, ndipo jenereta yonse inamugwera paphazi. Mafupa a phazilo anaphwanyika, ndipo anakhala nthawi yaitali m'chipatala. Mnyamatayo masiku a pakati pa sabata ankapalasa kabaza kuti adyetse mayi ake ndi azing'ono ake, koma mpaka lero amayenda motsimphina ndipo njinga anaisiya. Ndimakumana naye ndikapita ku Nkhotakota, amandipatsa moni mwaulemu, ndipo nthawi iliyonse ndimakumbukira waya uja. Ndikanatha kutsitsa jeneretayo tsiku lomwelo n'kuimangira pansi m'galimoto ndi mabawuti, ntchito ya maola awiri, koma ndinaopa kukangana ndi kasitomala.

N'chifukwa chake ndimalankhula mwaukali za owotcherera njanji. Sindikunyoza ntchito yowotcherera, popeza inenso ndimaigwira tsiku ndi tsiku, ndipo felemu ndi thireyi zimawotchereredwa ndithu. Koma njanji yokha siyenera kuona moto. Kutentha kumapotokola ngalande, kumasungunula girizi ndi timapulasitiki ta m'kati, kumafewetsa chitsulo, ndipo kumapsereza zinki yoteteza ku dzimbiri, yomwenso utsi wake umadwalitsa wowotchererayo. Njanji yowotchereredwa singasunthidwenso kuti ilingane ndi inzake. Mmisiri amene akukuuzani kuti awongola njanji ndi hamala, kapena kuti athiramo timipira ta njinga, kapena kuti achotsa koimitsa, mulipireni ya sopo ngati mukufuna, koma galimoto yanu ichokepo.

Za kagwiridwe ka sipanala sindinenapo, popeza amene sakudziwa zimenezo asayambe n'komwe ntchitoyi. Ndinena zomwe ngakhale odziwa amaiwala. Galimoto iime pamalo osalala, jenereta izizire, waya wa negetivu wa batire uchotsedwe poyamba, ndipo paipi ya mafuta itsekedwe isanamasulidwe. Jambulani ndi foni mmene mawaya, paipi ya mafuta ndi ekizosi zadutsira, chifukwa zonsezi zimayenda limodzi ndi thireyi, ndipo zikabwezeredwa molakwika zimapanidwa kapena kukhuzika mpaka kubooka. Jenereta itsike pansi ndi tcheni buloko, chida cha tcheni chokwezera ndi kutsitsira katundu wolemera, kapena pa thebulo lolimba lofanana msinkhu ndi thireyi. Ndaonapo anthu akusintha njanji jenereta ili pomwepo, itatsamira pa jeke imodzi yoima pamchenga, ndipo kuchita zimenezo n'kuika miyendo yanu pachiswe.

Muyeze utali wa njanji yakale itatsekeka, utali womwe imatuluka, ndi kukhuthala kwake. Zolimba zambiri zimakhuthala mamilimita 19, ndipo mpata wa pakati pa thireyi ndi felemu uyenera kulingana ndi kukhuthalako mbali zonse ziwiri. Musinthe zonse ziwiri ngakhale imodzi ikuoneka yabwino, chifukwa yatsopano ikaphatikizidwa ndi yotopa imasenza katundu yokha. Gulani zokhala ndi loko wogwira thireyi ikatsekeka komanso ikatseguka. Mabawuti akhale olembedwa 8.8 pamutu, kukula kwake kolingana ndi mabowo a wopanga, mitu yake yosatundumuka moti n'kukola gawo loyenda, ndipo manati akhale aja okhala ndi nayiloni m'kati kuti asamasuke ndi kunjenjemera. Bowo lililonse limene wopanga anaika lilandire bawuti yake. Masikuluwu odziboolera okha ndi a malata a padenga, pano alibe malo.

Pamene pamafunika kudekha ndi polinganiza. Njanji ziwirizo ziyenera kutalikirana mofanana kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo ine sindilola kusiyana kopitirira milimita imodzi. Ndimayeza ndi tepi kuchokera pakona ina kufika pakona yopingasana nayo, mbali zonse ziwiri, ndipo manambala akasiyana ndiye kuti felemu kapena thireyi yapotoka, choncho ndimayamba ndakonza chimenecho. Mabawuti ndimawamanga pang'ono chabe, ndimayendetsa thireyi yopanda kanthu kangapo mpaka iziyenda ndi chala chimodzi, kenako ndimalimbitsa. Thireyi yopanda katundu ikamalimba penapake, girizi sangathetse vutolo. Felemu ikakhala yodyeka ndi dzimbiri pomwe mabawuti akugwira, monga zimakhalira ndi galimoto zambiri zakale zochokera kumayiko komwe amathira mchere m'misewu nthawi yozizira, chitsulo chimenecho chidulidwe n'kuikapo chatsopano njanji zisanafike pafupi.

Loko wa pa njanji yekha sindimukhulupirira paulendo wautali. Ndimaika chokhomera china chapadera, pini yokhuthala kapena latchi yokoka thireyi n'kuipanikiza pa labala, kuti kugwedezeka kwa pamsewu kuzithera pamenepo osati pa timipira. Ndikamaliza ndimayatsa jenereta thireyi itatsekeka, n'kuyang'ana ngati ekizosi ikutulutsira utsi kunja, kutali ndi mawindo ndi zitseko. Utsi wa jenereta uli ndi mpweya wa carbon monoxide, womwe suoneka ndipo sununkha, ndipo m'galimoto imene anthu amagonamo ekizosi yosweka pang'ono pokha imatha kupha banja lonse lili m'tulo. Ekizosi imasweka kawirikawiri thireyi ikawerama, choncho njanji zotha zija zimafika mpaka pamenepa.

Posamala, pukutani ngalande ndi nsanza, pakani girizi wa lithium pang'ono, ndipo bwerezani mukachoka kugombe kapena mvula ikatha. Oilo wakuda wochokera mu injini, yemwe ambiri amathira poganiza kuti akuthandiza, amangoitana mchenga. Mabawuti muwayesenso ndi sipanala mukayenda ulendo woyamba.

Dalaivala uja anabweranso patapita masiku awiri, atalankhula ndi mwini galimoto. Tinayeza zonse pamodzi n'kupeza makilogalamu 190, kulemera kumene ngakhale njanji zija za makilogalamu 227 sizikanakwanitsa pamsewu, ndipo zokulirapo tinachita kuitanitsa kunja. Podikira, jenereta ndinaitsitsa ndipo ili m'galaja mwanga pa matabwa, thireyi ndinaikhoma ndi mabawuti anayi kuti isatseguke, ndipo galimotoyo inapita ku Senga Bay ikudalira magetsi a pamalo ogona alendo.