Chilungulira ndi Nkhawa: Mafunso ndi Mayankho pa Njira Yopumira ndi Mimba

Kodi nkhawa ingayambitsedi chilungulira?

Chilungulira chimabwera asidi wa m'chifu akabwerera kummero. Pomwe njira ya chakudya imalowera m'chifu pali kamnofu kamene kamatseka ngati chitseko, ndipo kakafooka kapena kakamatseguka nthawi yosayenera, asidi amakwera. Nkhawa siichulukitsa kwenikweni asidi wokwerayo. Chimene imachita ndi kuchititsa mitsempha ya kummero kumva ululu msanga, moti asidi wochepa yemwe dzulo simunamumve, lero akukuotchani pachifuwa chifukwa mtima suli m'malo. Kusagona mokwanira nako kumatero. Choncho munthu akamati chilungulira chimakula akakhala ndi maganizo, sakunamizira ayi. Komanso tikapanikizika timadya mothamanga, timadya usiku kwambiri, ena amawonjezera fodya, khofi kapena mowa, ndipo zonsezi zimakolezera vutoli.

Ndiye kupuma kumathandiza bwanji?

Pakati pa chifuwa ndi mimba pali mnofu waukulu wopumira wotchedwa diaphragm. Njira ya chakudya imadutsa pa mnofu umenewu, ndipo iwo umathandiza kufinya polowera m'chifu paja. Ukamagwiritsidwa ntchito bwino, potsekapo pamalimba. Kafukufuku wochepa amene anachitika ku Austria n'kufalitsidwa mu 2012 anapeza kuti odwala amene anaphunzitsidwa kupuma ndi mimba anali ndi asidi wochepa kummero, ndipo amene anapitiriza kwa miyezi ingapo anachepetsa mankhwala. Anthu ake anali ochepa, choncho tisazitenge ngati chozizwitsa. Komabe njirayi ndi yaulere ndipo ndi yosavuta, n'chifukwa chake ine ndimaona kuti ndi yoyenera kuiyesa.

Ndizichita motani?

Khalani pampando msana uli chilili. Dzanja lina liikeni pachifuwa, lina pamchombo. Kokani mpweya pang'onopang'ono kudzera m'mphuno mpaka dzanja la pamchombo litakwera, la pachifuwa likhale pafupifupi osasuntha. Kenako tulutsani mpweyawo pakamwa, motalikirapo kuposa mmene munaukokera. Poyamba mudzaona mapewa akukwera okha, musadandaule, thupi limazolowera. Yambani ndi mphindi 5, kawiri kapena katatu pa tsiku, n'kumawonjezera. Mukangomaliza kudya chitani muli chikhalire, osagona pansi. Mukamva chizungulire, lekani kaye mupume mwa nthawi zonse.

Nanga ngati nkhawayo ndi yaikulu?

Pamenepo kupuma kokha sikukwanira. Kuyenda pansi tsiku ndi tsiku, kugona nthawi yofanana ndiponso kumasula minofu kuyambira kumapazi mpaka kumutu kumathandiza. Palinso uphungu wotchedwa CBT, wothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi zizolowezi zake, umene wathandiza makamaka anthu ogeya pafupipafupi chifukwa chomeza mpweya osadziwa.

Kodi ndingasiye mankhwala?

Musasiye nokha. Mankhwala ochepetsa asidi monga omeprazole akasiyidwa mwadzidzidzi atamwedwa nthawi yaitali, asidi amatha kuchuluka kwa kanthawi ndipo chilungulira chimabwerera mwamphamvu. Kambiranani ndi dokotala. Malamulo enanso asasiyidwe: papite maola 3 pakati pa chakudya chamadzulo ndi kugona, kumutu kwa bedi kukwezedwe masentimita 15 mpaka 20 (kuunjika mapilo sikuthandiza, kumangopinda mimba), ndipo muzigonera kumanzere.

Ndi liti pamene ndiyenera kupita kuchipatala?

Chilungulira chikamabwera masiku ambiri kwa milungu 3 kapena kuposerapo, kaonaneni ndi dokotala. Musachedwe ngati chakudya chikukakamira pomeza, mukuwonda popanda chifukwa, mukusanza magazi, kapena chimbudzi chikutuluka chakuda bii. Ndipo chonde, ululu wa pachifuwa wofika kumkono, kunsagwada kapena kumsana, wobwera ndi thukuta kapena kubanika, musautche nkhawa. Ukhoza kukhala wa mtima, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.