Tayala la ku Imola ndi funso la yemwe amalola galimoto kunyamuka

Ikafika 1 May, okonda mpikisano wa magalimoto wa Formula 1 kuno ku Kasungu amakumbukira imfa ya dalaivala Ayrton Senna ku Imola, m'dziko la Italy, m'chaka cha 1994. Amakaniko a m'magalaja a m'mbali mwa msewu wa M1 ayenera kukumbukiranso ngozi ina ya tsiku lomwelo, chifukwa idagwera anzawo a ntchito.

Mpikisano uli pafupi kutha, Michele Alboreto wa timu ya Minardi adalowa mu pit lane, kanjira kosinthira matayala. Akunyamuka, tayala lakumbuyo lidaguluka n'kukamenya amakaniko a Ferrari ndi Lotus. Nthawiyo kanjirako kadalibe malire a liwiro: galimoto inkadutsa ngati ili pabwalo, pomwe anthu agwada pambali. Patatha milungu iwiri, ku Monaco, bungwe loyendetsa mipikisanoyi la FIA lidalamula kuti m'menemo musapitirire makilomita 80 pa ola.

Tayala lililonse limagwidwa ndi nati imodzi yokha yapakati, ndipo limafuna anthu atatu: womasula ndi kumanga, wochotsa lakale, ndi woika latsopano. Ena amanyamula galimoto ndi jeke kutsogolo ndi kumbuyo. Masiku ano zonsezi zimatha m'masekondi awiri kapena atatu. Dalaivala saona bwino zakumbuyo, amangodikira nyale yobiriwira. Ndiye tikamati dalaivala wapweteka makaniko, tiyambe tafunsa kuti adakonza ndondomeko ya nyaleyo ndani.

Pa 31 July 1994, ku Hockenheim m'dziko la Germany, galimoto ya Jos Verstappen wa timu ya Benetton idayaka akuithira mafuta, iye ndi amakaniko angapo n'kupsa. FIA idati timu ya Benetton idachotsa sefa m'makina othirira mafuta, choncho kachitsotso kadalepheretsa valavu kutseka, komanso kuti kuchotsako kunkafulumizitsa mafuta. A Benetton sadakane kuchotsa sefa, koma adati chidayambitsa moto ndi kachipangizo kolakwika m'valavuyo. Mbali ziwirizi sizidagwirizane, ndipo mlandu udatha popanda chilango. Ine ndikuona kuti FIA idafewa: sefa sichoka yokha, ndipo amene adapsa si akuluakulu a timu. Kuthira mafuta pakati pa mpikisano kudaletsedwa kuyambira 2010.

Mu 2013, ku Nürburgring m'dziko la Germany, tayala la galimoto ya Mark Webber wa timu ya Red Bull lidaguluka n'kugwetsa wojambula wa kanema, ndipo Red Bull idalipira chindapusa cha mayuro 30,000. Mu 2018, ku Bahrain, nyale idayaka tayala lakumbuyo kumanzere lisanasinthidwe, Kimi Räikkönen wa timu ya Ferrari adanyamuka, makaniko wa Ferrari n'kuthyoka mafupa awiri a mwendo. Apa oweruza adaloza koyenera. Räikkönen sadamuimbe mlandu, chindapusa cha mayuro 50,000 chidagwera timu.