Makiyi a Petro ndi anthu amene anagwa ku Carthage

M'chaka cha 250, Decius, mfumu ya Aroma, analamula kuti munthu aliyense mu ufumu wake apereke nsembe kwa milungu pamaso pa akuluakulu a boma, ndipo alandire kachikalata kochitira umboni. Tizikalata totere toposa 40 tinapezeka mumchenga wa ku Egypt. Mawu ake ndi ochepa: dzina la munthu, mudzi wake, mawu oti wathira nsembe ya chakumwa ndi kulawako nyama yansembe, kenako maina a mboni ndi tsiku. Kapepala kochepa chonchi ndiko kanang'amba mpingo pakati, n'kuukakamiza kufunsa kuti mawu a Yesu onena za kumanga ndi kumasula amatanthauzanji kwenikweni.

Ku Carthage, kumpoto kwa Africa, Akhristu ambiri sanadikire n'komwe kuti awagwire. Bishopu wa mzindawo, Cyprian, analemba ndi mtima wosweka kuti anthu ankathamangira okha kubwalo, ndipo dzuwa litalowa, akuluakulu atawauza kuti abwere mawa, iwo ankachonderera kuti asawachedwetse. Ena sanapereke nsembe koma anagula kachikalatako ndi ndalama. Ena anakana, n'kuponyedwa m'ndende, ndipo ena mwa iwowa anafera momwemo. Cyprian mwiniwake anali atabisala kunja kwa mzinda, akuyendetsa mpingo kudzera m'makalata, ndipo adani ake sanaiwale zimenezi.

Chizunzo chitayamba kuzilala, khamu la ogwa lija, anthu amene anagonjera lamulo la mfumu, linabwerera pakhomo pa mpingo likulira. Funso linali limodzi: ndani ali ndi mphamvu yowatsegulira?

Mawu amene onse ankalimbirana ali pa Mateyu 16:19. Yesu anawalankhula kudera la Kaisareya wa Filipi, m'munsi mwa phiri la Hermon, pamene pali amodzi mwa magwero a mtsinje wa Yordano ndiponso phanga limene anthu ankapembedzerapo mulungu wotchedwa Pan. Petro atavomereza kuti Yesu ndiye Khristu, analonjezedwa makiyi a Ufumu wa Kumwamba, kapena kuti mafungulo monga ankanenera akale, ndiponso kuti chimene adzamange pansi pano chidzakhala chomangidwa kumwamba, chimene adzamasule chidzakhala chomasulidwa. Pa Mateyu 18:18 mawu omwewo a kumanga ndi kumasula akunenedwa kwa ophunzira onse, ndipo nkhani yake ndi ya mbale amene wakulakwira. Pa Yohane 20:22-23 Yesu wouka kwa akufa akuwauzira mpweya ophunzira, n'kuwauza za kukhululukira ndi kusakhululukira machimo.

Kwa Myuda wa nthawi imeneyo mawuwa sanali achilendo. Aphunzitsi a Chilamulo akati "ndamanga" ankatanthauza kuti aletsa, akati "ndamasula" ndiye kuti alola. Otsatira a Shammai ndi a Hillel, aphunzitsi awiri otchuka a Chiyuda, ankasiyana pa nkhani zambirimbiri, awa akumanga pamene anzawo akumasula. Josephus, wolemba mbiri ya Ayuda, anagwiritsa ntchito mawu omwewa pofotokoza mphamvu za Afarisi m'masiku a mfumukazi Alexandra, kuti ankatha kuthamangitsa munthu ndi kumubwezanso. Chithunzi cha makiyi chimachokera pa Yesaya 22:22, pamene Eliyakimu akulowa m'malo mwa Sebina ngati kapitawo wa nyumba ya mfumu, n'kusenzetsedwa kiyi wa nyumba ya Davide paphewa. Kapitawo si mwini nyumba. Amatsegula ndi kutseka m'dzina la wina, ndipo Sebina uja anachotsedwa chifukwa chodzikweza.

Tibwerere ku Carthage. Oyamba kugwira makiyi sanali mabishopu koma anthu amene anazunzika m'ndende osakana Khristu. Ogwa aja ankapita kwa iwowa kukapempha makalata a mtendere, poganiza kuti munthu amene ali ndi zipsera za unyolo mawu ake amamveka kumwamba. Makalatawo anachuluka mpaka ena ankangolembedwa kuti uje alandiridwe pamodzi ndi anthu ake, osatchula maina. Cyprian anadandaula kuti ndi mawu amenewa munthu angathe kubwera ndi anthu 20 kapena 30, n'kumati onsewo ndi abale ake. Mmodzi wa akaidiwo, Lucian, anafika polengeza chikhululukiro kwa ogwa onse nthawi imodzi.

Ku Roma zinthu zinapendekera kwina. Bishopu Fabian anali atafa pachiyambi penipeni pa chizunzo, ndipo Cornelius atasankhidwa kulowa m'malo mwake mu 251, wansembe wophunzira kwambiri dzina lake Novatian anadzozedwa ngati bishopu wopikisana naye. Iye ankati wokana Khristu mpingo ulibe mphamvu yomubweza. Alape moyo wake wonse, koma chikhululukiro asiyire Mulungu. Maganizo ouma chonchi sanayambe ndi iye. Zaka ngati 30 m'mbuyomo, Tertullian, wolemba mabuku achikhristu wa ku Carthage komweko, anakwiya ndi bishopu wina amene analengeza kuti adzakhululukira achigololo olapa. Tertullian anati makiyi anaperekedwa kwa Petro yekha ndi kwa anthu auzimu onga iye, osati kwa aliyense wokhala pampando wa ubishopu.

Apa mpamene ndimaona kuti ambiri timaiwerenga chafufumimba nkhaniyi. Tikamva za kumanga ndi kumasula timathamangira kufunsa kuti wamkulu ndani. Koma mkangano woyamba waukulu unali wa munthu wogwa amene akufuna kubwerera kwawo, ndipo amene anakanidwa ndi mpingo wonse anali Novatian, amene ankati chitseko sichingatsegulidwe. Cyprian anakana njira zonse ziwiri. Msonkhano wa mabishopu ku Carthage mu 251 unagamula kuti nkhani ya munthu aliyense iunikidwe payokha. Ogula makalata akanatha kulandiridwa msanga, pamene opereka nsembe anayenera kupitiriza kulapa, n'kulandiridwa akakhala pafupi kufa. Chaka chomwecho Cyprian analemba za umodzi wa mpingo, n'kunena kuti Yesu anayamba ndi Petro mmodzi pofuna kuonetsa umodziwo, koma atumwi enawo anali ndi ulemu ndi mphamvu zofanana naye. Akatolika ndi Aprotestanti akhala akukokerana mawu ake amenewa mpaka lero.

Zaka zotsatira makiyi aja analemera, ndipo nthawi zina analowa m'ndale. Mu 1076 Papa Gregory VII anachotsa mfumu Henry IV ya ku Germany mumpingo, n'kumasula anthu ake ku malumbiro awo, akutchula mphamvu yomanga ndi kumasula imene Petro analandira. Mu Januwale 1077 mfumuyo inaima masiku atatu m'chisanu kunja kwa linga la Canossa ku Italy, kumene kunali Papayo, kupempha chikhululukiro. Mu 1215 msonkhano wachinayi wa ku Lateran unalamula Mkhristu aliyense kuulula machimo kwa wansembe kamodzi pachaka. Pamene Martin Luther ankalemba mfundo zake 95 mu 1517, chimene chinamuwawa chinali kuona makalata a chikhululukiro akusinthanitsidwa ndi ndalama. Iye sanataye makiyi, koma anati ndi a mpingo wonse ndipo ntchito yake yaikulu ndi kutonthoza mtima wosweka. Katekisimu wa Aprotestanti wa Heidelberg wa 1563 amati makiyiwo ndi awiri, kulalikira Uthenga Wabwino ndi chilango cha mpingo. Mpingo wa Katolika unatsimikiza pa msonkhano wa Trent mu 1551 kuti wansembe pomasula machimo amachita ngati woweruza, ndipo mu 1870 unalongosola za ukulu wa Papa potsamira mawu omwewo, amene analembedwanso mozungulira mkati mwa denga la tchalitchi cha Petro Woyera ku Roma. A Orthodox kum'mawa amati bishopu aliyense ndi wolowa m'malo mwa atumwi pa ntchitoyi.

Masiku ano ambiri akati "ndikumanga" amakhala akudzudzula ziwanda kapena matenda. Chithunzi chimenecho chili ndi gwero lake, pa Marko 3:27 pamene munthu wamphamvu akumangidwa ndi pa Luka 13:16 pamene mayi womangidwa ndi Satana zaka 18 akumasulidwa. Koma si nkhani ya Mateyu 18. Pamenepo amene waima patsogolo pako ndi mbale wako, ndipo mavesi ochepa kutsogolo Petro akufunsa kuti amukhululukire kangati. Zimandipweteka kuona kuti tanthauzo limeneli ndilo laiwalika kwambiri.

Chigamulo cha 251 sichinakhalitse. Mu ulamuliro wa Gallus, mfumu ya Aroma imene inalowa m'malo mwa Decius, kunamveka kuti chizunzo china chayandikira, ndipo mabishopu a ku Africa anakumananso n'kulembera Cornelius kuti alandira ogwa onse amene anapirira m'kulapa, osadikiranso kuti adwale mwakayakaya. Chifukwa chawo chinali choti sangauze anthu kukhetsa magazi awo chifukwa cha Khristu pamene akuwamana chikho cha magazi ake. Cornelius anathamangitsidwa ku Roma, n'kufera kumene anamutumizako mu 253. Cyprian, bishopu uja ankanyozedwa kuti anathawa, anadulidwa mutu ku Carthage pa 14 Seputembala 258.