Kutha kwa khadi la BRP si kutha kwa chilolezo

M'magulu a WhatsApp a abale athu a ku Britain mumabwerabwera uthenga woti amene khadi lake la BRP (khadi losonyeza kuti mlendo ali ndi chilolezo chokhala ku Britain) lidatha pa 31 Disembala 2024 watayanso chilolezo chokhala m'dzikolo, choncho alipire wina amukonzere. Limeneli ndi bodza.

Chidatha ndi kakhadi kokha. Chilolezo chanu chili pa intaneti tsopano, pa eVisa, ndipo tsiku lake lothera silidasinthe. eVisa yanu mumaionera muakaunti ya UKVI (nthambi ya boma la Britain yoona za ma visa). Kutsegula akauntiyi pa webusaiti ya boma ya gov.uk n'kwaulere, wokuuzani kuti pali malipiro akufuna kukudyerani masuku pamutu.

Lowani nokha, muone chithunzi chanu ndi tsikulo. Mukasintha pasipoti, ilembetseni muakauntimo musanapite kubwalo la ndege. Abwana akafuna umboni wa chilolezo chanu, apatseni share code (nambala yomwe mumatenga kudzera muakauntiyo kuti iwo aonere chilolezocho pa intaneti), imagwira ntchito masiku 90.

Chonde, uthenga wabodza wa pa WhatsApp uja musautumizenso, ukusowetsa anthu tulo pachabe.