Ejenti si mwini nyumba, musamupatse dipoziti musanafike ku Lands

Ndatopa nawo mawu akuti "koma ejenti ananena kuti mapepala onse ali bwinobwino." Ananenadi. Nanga akanati chiyani? Ejenti amadya komishoni nyumba ikagulidwa, ndipo kawirikawiri amene wamutuma ndi wogulitsa, osati inuyo. Ngakhale atakhala wolembetsedwa, wokhala ndi ofesi yodziwika ku Ginnery Corner kapena mu Limbe, ntchito yake ndi kukupezerani nyumba, kukuonetsani ndi kukugwirizanitsani pa mtengo. Zotsimikiza kuti wogulitsayo ndi mwini wake weniweni ndi za loya wanu ndi kaundula wa malo.

Za madobadoba sinditayapo nthawi. Munthu amene ofesi yake ndi WhatsApp, amene akufuna mumutumizire ya Airtel Money kapena Mpamba musanaone n'komwe geti la nyumbayo, amene akuti "bwana fulumirani, wina akubwera ndi kashi mawa", ameneyo musiyeni. Nyumba yogulitsidwa mwachilungamo siithawa chifukwa mwapempha sabata ziwiri zofufuzira.

Funso loyamba kwa ejenti lisakhale la mtengo. Mufunseni kuti malo amene nyumbayo yakhalapo ali m'manja mwa ndani. Muno mu Blantyre mayankho amasiyana. Pali malo a lease ochokera ku Unduna wa za Malo, kawirikawiri ya zaka 99. Pali a Malawi Housing Corporation, monga nyumba zambiri za ku Nkolokosa, Chinyonga ndi Kanjedza. Pali mapuloti a m'madera ngati Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa omwe ambiri mafayilo ake ali ku khonsolo ya mzinda. Palinso a freehold, omwe umwini wake ulibe malire a zaka. Kulikonseko kusintha dzina kuli ndi khomo lake, ndipo ejenti amene akuchita chibwibwi pa funso limeneli nyumbayo sakuidziwa. Kakalata ka amfumu a m'tauni kokhala ndi chidindo si chikalata cha umwini, ngakhale mboni zitasainapo khumi.

Mukapatsidwa nambala ya title kapena ya puloti, loya wanu akachite search, kutanthauza kufufuza m'kaundula wa malo, ku ofesi ya Lands. Ndati loya wanu, wosankha nokha, amene a Malawi Law Society angatsimikize kuti ali ndi chilolezo cha chaka chino, osati "loya wathu" wa ejenti. Search imaonetsa dzina la mwini wake, zaka zimene zatsala pa lease, ngati nyumbayo inaikidwa chikole ku banki, ndiponso ngati wina anaikapo caution yoletsa kugulitsa. Fotokope ya title deed imene ejenti wakutumizirani pa foni sinena zimenezi. Ikhoza kukhala yoona ndithu, koma yojambulidwa nyumbayo isanakongoleredwe ndalama. Dzina lotuluka pa search lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha munthu amene mwakhala naye maso ndi maso. Akati mwini wake ali ku Joni kapena ku UK, pakhale power of attorney, chikalata chopatsa wina mphamvu yomuimira, yoti loya aiunike, ndipo mulankhule naye mwini wakeyo.

Imene imandisowetsa mtendere ndi nyumba ya masiye. Nkhani yake imayenda chonchi. Bambo amwalira, nyumba ili m'dzina lawo. Mwana wamkulu, kapena mchimwene wa malemu, ndiye akusunga title deed yeniyeni, makiyi ali nawo, alendi amalipira kwa iye, ndipo oyandikana nawo onse akuti "eya, nyumbayi ndi ya banja limeneli." Palibe bodza limene ejenti wanena. Wogula alipira theka, ayamba kupenta, asintha malata a kukhitchini. Kenaka kutulukira mayi wamasiye amene sanafunsidwe, kapena ana a kwa mayi wina omwe ali ndi gawo lawo pansi pa lamulo la chuma cha masiye la 2011, atanyamula chiletso cha khoti. Wogulitsa uja ndalama anagawa kale, ina anagulira minibasi. Wogula alibe nyumba, alibe ndalama, watsala ndi mlandu wa zaka. Chomvetsa chisoni n'chakuti search ya tsiku loyamba ikanaonetsa dzina la munthu amene ali kumanda, ndipo funso likanakhala limodzi: ndani ali ndi probate kapena letters of administration, zikalata zochokera kukhoti zopatsa munthu mphamvu yoyendetsa chuma cha malemu? Kusunga pepala si kukhala ndi mphamvu yogulitsa. Mawu akuti "tinagwirizana pabanja" akhale olembedwa, aliyense wokhudzidwa atasainira pamaso pa loya.

Nyumbayo kaioneni kangapo, kamodzi popanda ejenti. Ngati n'kotheka pitani mvula itagwa, muone kumene madzi akulowera. Ming'alu yopingasa pakhoma, penti watsopano m'munsi mwa khoma lokha, fungo la chinyontho mu siling'i, zonsezi zikukuuzani kanthu. Amene anaona zimene namondwe Freddy anachita ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche mu Malichi 2023 safunika kuuzidwa za nyumba ya pamtsetse kapena m'khwawa. Itanani valuer wovomerezeka akuuzeni mtengo wake weniweni. Ngati mukugula ndi ngongole, banki idzamufunabe. Wopima malo apeze mabikoni, chifukwa mpanda wa njerwa si malire. Ambiri anamanga mpanda atalowa mu msewu kapena m'puloti ya mnzawo, ndipo mlanduwo mumagula pamodzi ndi nyumba. Funsaninso mapulani ovomerezedwa ndi khonsolo, makamaka a boys' quarter zowonjezera zija.

Ngongole za city rates, ground rent, Blantyre Water Board ndi ESCOM zifufuzidwe, ndipo mgwirizano unene kuti zichotsedwa pa ndalama za wogulitsa. Mukapanda kutero mudzazipeza zikukudikirani.

Tsopano ndalama. Dipoziti iperekedwe pokhapokha sale agreement yasainidwa, ipite kudzera ku banki mu akaunti ya makasitomala ya loya, osati m'thumba la ejenti. Mgwirizanowo unene mtengo, tsiku lolowa m'nyumba, amene alipire komishoni, ndi kuti ndalama ibwezedwa ngati chilolezo chosinthira umwini chakanidwa. Ikatero pamatsala consent ya eni malo, tax clearance ya ku MRA, stamp duty ndi kulembetsa transfer m'kaundula. Zonsezi zimadya ndalama pamwamba pa mtengo wa nyumba, choncho loya akuwerengereni musanavomere mtengo. Ndalama yotsala wogulitsa alandire mapepala osinthira atasainidwa ndipo title yeniyeni ili m'manja mwa loya.

Ndiye pali aja amalipira zonse, n'kulowa m'nyumba, n'kunena kuti zosintha dzina tidzaona tikapeza ndalama. Zaka zisanu zidutsa. M'kaundula mwini nyumba akadali wogulitsa uja. Akhoza kukaikongolera ku banki, akhoza kuigulitsanso kwa wina amene athamangire kukalembetsa, akhozanso kumwalira, inu n'kuyamba kupempha siginecha kwa ana ake omwe sakukudziwani. Ngati transfer ikuchedwa pa chifukwa china chilichonse, uzani loya aike caution m'dzina lanu sabata yomwe mwasaina mgwirizano, ndipo zonse zikatha mukachitenso search ina kuti muone ndi maso anu kuti dzina lotuluka ndi lanu.