Moyo wa kachikwama ka mikanda uli mu ulusi

Munthu akandibweretsera kachikwama kakale ka ku France kuti ndikakonze, maso ake amakhala pa mikanda. Ine ndimayamba ndasuzumira mkati. Mkanda wagalasi umatha zaka 200 osasintha mtundu, koma ulusi wa silika umene waugwira umatha mphamvu mwakachetechete, ndipo tsiku lina mukangokanyamula mumamva mikanda ili waa! pansi.

Zikwama zokongola koposa ndi za m'zaka za m'ma 1700, zimene Afalansa amazitcha sablé, kutanthauza chinthu chowazidwa mchenga. Dzinali likuyenera. Timikanda take ndi tating'ono moti pamalo ofanana ndi sitampa ya kalata pamakwana pafupifupi 1,000. Sinkasokeredwa pansalu ayi. Mmisiri ankaitunga pa silika n'kumakolowekera mzere uliwonse ku unzake, mpaka mikandayo payokha kusanduka nsalu yofewa ya maluwa, mbalame, mwinanso mawu achikondi. Akatswiri amakhulupirira kuti ntchitoyi inkachitika m'nyumba zochepa chabe za amisiri a mu Paris. Zambiri zimasungidwa lero ku Museum of Fine Arts mumzinda wa Boston ku America.

Tizikwama tonyamula m'manja tinafala m'ma 1790. Kale amayi ankamangirira matumba m'chiuno, kunsi kwa madiresi otambalala. Madiresi atayamba kukhala opyapyala ndi ogwira thupi, thumba linasowa pobisala, ndiye linatulukira poyera ndi dzina loti réticule.

Njira imene imandigwira mtima ndi ya m'ma 1800, yoluka ndi singano zachitsulo zowonda ngati waya. Apa ntchito yeniyeni imachitika munthu asanaluke n'komwe. Amayang'ana chithunzi chojambulidwa m'timabokosi, n'kutunga mikanda yonse pa ulusi motsatira mitundu yake, kuyambira kumapeto kubwerera kumayambiriro, chifukwa mkanda wotungidwa pomaliza ndi umene umayamba kulukidwa. Ofiira atatu, wobiriwira umodzi, oyera asanu ndi awiri, choncho mpaka masauzande. Akaphonya umodzi wokha, duwa lonse limapendekeka, ndipo amadzazindikira atafika kale patali. Zoonadi kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndikaika galasi lokulitsa pa kachikwama kotere, nthawi zina ndimapeza kamfundo pamene woluka anadula ulusi, kuchotsa mkanda wosokera n'kulumikizanso. Pamenepo sindikonzapo. Ndi dzanja la mwini wake, ndipo ndimaliona kuti ndi lamtengo kuposa maluwawo.

Ku Lunéville, tauni ya ku France, m'chaka cha 1865, mmisiri wina dzina lake Louis Ferry-Bonnechaux anayamba kuika mikanda pansalu ndi kangowe. Nsalu imakungidwa pafelemu chozondotsa: dzanja lina limalasa kangowe pamwamba, lina lili kunsi kukankha mkanda umodziumodzi osauona. Nyumba zosoka zovala zapamwamba za ku Paris zikugwiritsabe ntchito lusoli.

Tizikwama tambiri timene anthu amapeza m'masutikesi a agogo awo ndi ta m'ma 1900 mpaka 1930, ta mikanda yachitsulo. N'tolemera m'manja, tozizira, ndipo mdani wake ndi chinyontho. Dzimbiri likagwira mkanda umodzi limadya ulusi ndi kuthimbiriritsa nsalu yamkati. Chonde musakachape, ngakhale kukapukuta ndi kansalu konyowa. Fumbi lichotseni ndi kaburashi kofewa kouma. Musakapachike pamsomali, chifukwa kulemera kwa mikanda kumang'amba silika pomwe walumikizana ndi chitsulo cha pakamwa. Kagonekeni chathyathyathya m'bokosi, mkati mutaikamo pepala lofewa lopanda asidi, kutali ndi dzuwa.

Mikanda ikayamba kuyoyoka, musathire guluu. Tolani wina uliwonse, muike m'kabotolo, mupite nako kwa wokonza pamodzi ndi kachikwamako. Mikanda yaing'ono chotero ndi ya mitundu imeneyo ndi yovuta kwambiri kuipeza masiku ano, ndipo kawirikawiri ndimachita kuichotsa pa kachikwama kena kakale komwe sikangakonzekenso.