Kachilombo ka anyani kamalowa bwanji mwa munthu?

Abale, matenda ena akuluakulu omwe tikulimbana nawo lerowa anayambira kwa anyani, ndipo HIV ili m'gulu lomwelo. Koma tiyambe tachotsa kaye bodza lija limamveka m'minibasi loti kunali munthu anagona ndi nyani. Ofufuza amati njira yake inali magazi, mlenje wapha nyama, akuisenda mpeni wamucheka chala, kapena nyamayo yamuluma isanafe, magazi akumana, basi.

HIV ilipo mitundu iwiri, HIV-1 ndi HIV-2. HIV-1, yomwe ndi imene ili kuno kwathu, inachokera ku kachilombo kotchedwa SIV ka achimpanzi, mtundu wa anyani akuluakulu, a m'nkhalango za kum'mwera chakum'mawa kwa Cameroon. Kanalowa mwa munthu chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kenaka anthu oyenda m'mitsinje anakafika nako ku Kinshasa, nthawi imeneyo ikutchedwa Léopoldville, ndipo cha m'ma 1920 kanali katayamba kale kufala mwakachetechete. Magazi omwe anatengedwa mumzindawu mu 1959 atadzawayeza patapita zaka anapezeka ali ndi HIV, chonsecho madokotala anadzazindikira Edzi mu 1981. HIV-2 ija ya kumadzulo kwa Africa yake inachokera kwa apusi otchedwa sooty mangabey.

Ndiye mwina mukufunsa kuti anthu akhala akupha anyani kuyambira makolo, bwanji matenda otere sabuka chaka ndi chaka? Yankho lili mkati mwa maselo athu, tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi, ndipo apa mpofunika kumvetsa. Selo lililonse limapanga mapuloteni ambirimbiri, koma silimangopanga, limayang'aniranso kuti ati akhale ati achoke. Puloteni ikatha ntchito kapena ikaonongeka, selo limaimata kachizindikiro kotchedwa ubiquitin, ndiye chilichonse chomatidwa chimapita ku proteasome, yomwe ili ngati kachigayo ka m'selo, nkukaperedwa, zidutswa zake nkupangira mapuloteni ena. Asayansi atatu, Aaron Ciechanover, Avram Hershko ndi Irwin Rose, analandira mphoto ya Nobel mu 2004 chifukwa chotulukira zimenezi.

Mwa mapuloteniwo alipo ena ntchito yawo ndi kutsekereza mavairasi. APOBEC3G imalowa mkati mwa kachilombo katsopano nkusokoneza malangizo ake kuti kalephere kuswana. Tetherin imagwira tizilombo tomwe tangopangidwa kumene pakhungu la selo, osatilola kuchoka kukalowa m'maselo ena. Mapuloteniwa amasiyanako pakati pa munthu ndi nyani, nchifukwa chake kachilombo kozolowera thupi la nyani kakalowa mwa munthu nthawi zambiri kamangothera pomwepo.

Vuto limabwera kachilombo kakapeza njira yozembera. HIV ili ndi puloteni yake, Vif, yomwe imapusitsa selo kuti limate ubiquitin pa APOBEC3G, ndiye selo limatenga chitetezo chake chomwe nkukachitaya kuchigayo kuja. Ku tetherin, SIV ya achimpanzi imagwiritsa ntchito puloteni ya Nef, koma tetherin ya munthu ilibe kachigawo komwe Nef imagwirapo, moti Nef imalephera. HIV-1 ili ndi magulu anayi, M, N, O ndi P. Ya gulu M inasintha nkuyamba kugwiritsa ntchito puloteni ina, Vpu, ndipo gulu limeneli ndi lomwe linafalikira dziko lonse, pomwe magulu N, O ndi P anangokhala makamaka cha ku Cameroon konko. Ine apa mpamene pamandiopsa, chifukwa kachilombo kamasintha mwamwayi, ndipo bala lililonse lomwe lakhudza magazi a nyani ndi mwayi wina womwe takapatsa kuti kayesenso.

Ndipo si HIV yokha ayi. Mu 1967 ogwira ntchito m'malabu m'mizinda ya Marburg ndi Frankfurt ku Germany komanso Belgrade ku Yugoslavia anadwala atagwira apusi ochokera ku Uganda, anthu 7 anamwalira, ndipo matenda a Marburg dzina lake linachokera pamenepo. Matenda omwewa anabukanso ku Kagera ku Tanzania mu 2023, dziko loyandikana nalo ili, ngakhale gwero lake lenileni ndi mileme. Mu 1996 m'mudzi wa Mayibout ku Gabon anthu anatola chimpanzi chofa chokha m'nkhalango, anasenda nkudya, Ebola inabuka ndipo anthu 21 anamwalira.

Kuno kulibe achimpanzi, koma anyani ndi apusi ndiye mbwee, chimanga chikayamba kucha timathamangitsana nawo m'minda, ana amawagenda, agalu amawagwira, ena amaweta kapusi pachingwe pakhomo. Apusi nawo ali ndi SIV yawo ndi tizilombo tina. Nyani kapena pusi wofa yekha musamugwire, musapatse agalu, ndipo musadye ngakhale ndiwo zitavuta bwanji, uzani alangizi a ziweto kapena a zaumoyo a m'dera lanu. Kuotcha nyama sikuchotsa vuto, chifukwa ngozi yaikulu ili pa kusenda ndi kutumbula, pomwe manja ali magazi okhaokha. Kuweta pusi pakhomo musiye, akakula amaluma, ndipo ana ndi omwe amalumidwa kwambiri.

Ngati mwalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, osathira dothi, phulusa kapena zitsamba, kenaka pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukanene kuti yakulumani ndi nyani, akaone za katemera wa chiwewe ndi kafumbata. Mukayamba kutentha thupi, kusanza, kutsegula m'mimba kapena kutuluka magazi m'masabata atatu chigwirireni nyama yakutchire, musangomwa panado nkugona, thamangani ndipo muwauze adokotala za nyamayo osabisa.

Pa za HIV, masiku ano siikuchokeranso kwa anyani, ikuyenda pakati pa ife anthu kudzera m'kugonana kosadziteteza, m'magazi, komanso kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana. Kayezetseni, gwiritsani ntchito kondomu, ndipo amene ali pa ma ARV amwe tsiku ndi tsiku osadumphitsa, m'zipatala za boma ndi aulere.